Lipoti la chisamaliro: kusakhazikika kwa wodwala khansa ya prostate m'masabata ake omaliza

Cholinga cha lipotili

Lipotili likufotokoza chisamaliro chimene chinaperekedwa kwa bambo wina wa zaka 68 amene anali ndi khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo) yomwe inali itafalikira m'mafupa, kuyambira pamene analandiridwa ku hospice (malo osamalirako odwala amene matenda awo sangachizike) mpaka pamene anamwalira patatha masabata asanu. Dzina lawo ndi zonse zimene zingawadziwikitse zachotsedwa, ndipo muno tiziwatchula kuti Bambo A. Ndalembera makamaka anamwino anzanga, chifukwa zimene zinachitika usiku wina m'sabata yachinayi zimachitika kawirikawiri: wodwala amene moyo wake ukupita kumapeto akayamba kubuula ndi kugubuduka, aliyense amaganiza kuti ululu wa khansa wakula, ndipo dzanja limathamangira ku botolo la morphine thupi la wodwalayo lisanagwiridwe n'komwe.

Mbiri ya matenda ndi mmene analili pofika

Khansayi inapezeka zaka zitatu Bambo A asanabwere kwa ife, ndipo pa nthawiyo inali itafika kale m'fupa la msana, m'chiuno ndi m'fupa la ntchafu yakumanzere. Anapatsidwa mankhwala otsitsa testosterone (homoni ya amuna imene imakulitsa khansayi), amene anaigwira bwino kwa zaka pafupifupi ziwiri, kenaka khansayo inasiya kumva mankhwalawo. Ululu wa m'chiuno utakula, anawaunika kamodzi kokha ndi radiotherapy, cheza chopha maselo a khansa, ndipo anapezako bwino kwa miyezi ingapo. Madokotala atawafotokozera za chemotherapy, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, iwo eni anakana, ndipo anapempha kuti izi zilembedwe pamodzi ndi kufuna kwawo kwakuti mtima ukadzaima asadzayesedwe kuutsitsimutsa.

Pofika ku hospice ankakhala pabedi nthawi yambiri, ankafuna thandizo posamba ndi popita kuchimbudzi, koma mutu wawo unkagwira bwinobwino. Pa muyeso wa mphamvu za wodwala wotchedwa Palliative Performance Scale, umene unakonzedwa ku Victoria Hospice m'dziko la Canada ndi kufalitsidwa mu 1996, ndipo umatsika kuchoka pa 100 kufika pa 0, tinawaika pa 40. Ululu anauika pa 8 mwa 10 akamatembenuka ndi pa 5 akangogona phee. Ankamwa codeine wa 60 mg kanayi pa tsiku, paracetamol wa 1 g kanayi pa tsiku, ndi ibuprofen. Kuyeza magazi kunaonetsa kuti impso zinali zitafookako pang'ono. Amene ankawasamalira anali akazi awo ndi mwana wawo wamkazi. Mwana wamwamuna ankakhala kutali ndipo ankangomva zonse pa foni.

Masabata atatu oyambirira

Ndondomeko imene World Health Organization inafalitsa mu 1986 yokhudza ululu wa khansa imati mankhwala aperekedwe pakamwa ngati n'kotheka, aperekedwe pa nthawi yake osadikira kuti ululu ubwerere, ndipo gawo limodzi likalephera tikwere ku gawo lotsatira. Codeine anali atafika pamapeto pa mphamvu zake. Popeza codeine wa 240 mg pa tsiku amafanana ndi morphine wakumwa wa pafupifupi 24 mg, dokotala analemba morphine wamadzi wa 5 mg maola anayi alionse, zimene zikupanga 30 mg pa tsiku, ndi mlingo wina wa 5 mg woti uziperekedwa ululu ukabuka pakati pa nthawi. Mlingo wapaderawu umawerengedwa ngati gawo limodzi mwa magawo 6 a mankhwala a tsiku lonse. Poona kuchuluka kwa milingo yapadera imene ankapempha, tinakweza pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto kwa sabata yachiwiri anakhazikika pa 10 mg maola anayi alionse, ululu uli pa 2 kapena 3. Senna, mankhwala ofewetsa chimbudzi, tinayamba kuwapatsa tsiku lomwelo limene anayamba morphine, chifukwa thupi limazolowera nseru ndi tulo zimene morphine amabweretsa patapita masiku ochepa, koma kudzimbidwa silikuzolowera.

Ngakhale ululu unatsika, usiku sankagona, ndipo ankaliza belu mobwerezabwereza popanda chodandaula chenicheni. Cicely Saunders, amene anayamba ngati namwino asanakhale dokotala ndipo anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, anaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene akumwalira umaphatikiza za thupi, za maganizo, za banja ndi za uzimu, ndipo mbali imodzi ikasiyidwa zinazo sizimva mankhwala. Usiku wina nditakhala nawo pansi anandifunsa kuti, "Anamwino, mundiuze zoona, ndatsala ndi nthawi yaitali bwanji?" Ndinawafunsa kaye mmene iwo eni ankaonera thupi lawo, ndipo atanena kuti sabata iliyonse mphamvu zikuchepa, ndinawayankha kuti, "Bambo, tsiku lenileni palibe angalidziwe, koma mmene zikusinthiramu tikuyembekezera masabata, osati miyezi yambiri." Sanadabwe. Chimene chinkawasowetsa tulo chinali chakuti akazi awo sankadziwa chilichonse cha mapepala a nyumba ndi a penshoni, ndipo iwo ankaopa kuyambitsa nkhaniyo kuti angaoneke ngati ataya mtima. Tinaitana mlangizi wa za mabanja, nkhaniyo inayambika, ndipo belu la usiku linachepa.

Usiku wa m'sabata yachinayi

Sabata yachinayi itayamba, Bambo A anali atatsika kufika pa 30 pa muyeso wa mphamvu uja, osadzukanso pabedi, akudya pang'ono kwambiri. Madzulo a tsiku limene ndikunenali anayamba kusowa mtendere: ankabuula, ankakoka zofunda, ankayesa kutsitsa miyendo pabedi, ndipo zolankhula zawo sizinkamveka mutu wake. Anapatsidwa mlingo wapadera wa 10 mg cha m'ma 8 koloko, ndi wina patatha ola limodzi ndi theka, molingana ndi zimene dokotala analemba, koma palibe chinasintha. Pamene ndinkalandira ntchito ya usiku, mwana wawo wamkazi anandichingamira pakhomo n'kunena kuti, "Anamwino, chonde awonjezereni mankhwala bambo anga, akuzunzika."

Milingo iwiri ya morphine imene sinathandize ngakhale pang'ono, kwa munthu amene morphine ankamuthandiza masiku onse, inali kale chizindikiro chakuti vuto silinali m'mafupa. Ndinayang'ananso kayendedwe ka thupi lawo. Munthu amene fupa la chiuno likumupweteka amauma thupi ndipo safuna kusuntha, koma Bambo A ankapinda ndi kuwongola miyendo yonse iwiri, ndipo dzanja lawo lamanja linkabwerera pachinena. Ndinawauza kuti, "Bambo, ndine namwino wanu, ndikufuna ndikugwireni pamimba," ndipo nditatsitsa chofunda ndinapeza chotupa chozungulira, chosalala, cholimba ngati mpira wopopedwa, chochokera pachinena kufika pafupi ndi mchombo. Nditagogoda ndi chala sipanamveke kulira kwa mpweya kumene kumamveka pamatumbo, ndipo nditasindikiza pang'ono anakwinya nkhope n'kukankha dzanja langa.

Pepala la zolowa ndi zotuluka linkaonetsa kuti anakodza katatu masana amenewo. Nditafunsa mwana wawo, anafotokoza kuti thewera linkapezeka lonyowa pang'ono nthawi iliyonse akalisintha, koma bambo ake anali asanakodze mkodzo weniweni m'botolo kuyambira m'mawa. Apa ndi pamene pamasokoneza anthu ambiri, chifukwa chikhodzodzo chikadzaza kupitirira muyeso mkodzo umadontha wokha, ndipo thewera lonyowalo limalembedwa ngati umboni wakuti zonse zili bwino. Nkhani ya chimbudzi inali chimodzimodzi. Masiku awiri m'mbuyomo kunalembedwa kuti atsegula m'mimba pang'ono, ndipo banja linapempha kuti senna aimitsidwe. Nditayeza ndi chala kumatako, atavomera ndi mutu ndiponso mwana wawo atatuluka panja, ndinapeza chimbudzi cholimba chitadzaza. Chimene chinkaoneka ngati kutsegula m'mimba chinali madzi ongodutsa m'mbali mwa chimbudzi choumacho.

Zinthu zitatu zinali zitakumana pamalo amodzi: prostate yotupa imene inali itapanikiza kale njira ya mkodzo, morphine amene amachititsa kuti chikhodzodzo chisafinye bwino, ndi chimbudzi cholimba chimene chinkakanikiza khosi la chikhodzodzo kuchokera kumbuyo. Panalinso chinthu chachinayi choyenera kuchiganizira ndisanakhutire ndi zimenezi. Kwa wodwala amene khansa ili m'fupa la msana, kutsekeka kwa mkodzo kungakhale chizindikiro chakuti chotupa chapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Ndinawakhudza m'mapazi, m'ntchafu ndi kuzungulira kumatako, ndipo monsemo ankamva. Mphamvu za miyendo zinali monga za dzulo lake. Ndinamufotokozera dokotala zonsezi pa foni, ndipo tinamvana kuti ndiike paipi ya mkodzo nthawi yomweyo.

Ndinathira lidocaine wa jelo, mankhwala ochititsa dzanzi, m'njira ya mkodzo, kudikira mphindi zisanu kuti agwire, kenaka n'kulowetsa paipi ya saizi 14 mosakakamiza, popeza prostate ya khansa imatuluka magazi msanga. Munatuluka mkodzo wa 900 ml, wakuda ndi wonunkha. Thumba lisanadzaze n'komwe, manja a Bambo A anali atasiya zofunda, ndipo pasanathe theka la ola anagona tulo. Chimbudzi tinachisiyira m'mawa: tinaika glycerine ndi bisacodyl, mankhwala othandiza kutulutsa chimbudzi, kumatako, ndipo chimene chinakana tinachichotsa ndi chala atalandira kaye mankhwala a ululu. Senna anayambiranso, ndipo banja linafotokozeredwa chifukwa chake.

Mmene ndikuonera, wodwala amene wayamba kusakhazikika ndipo sangathe kunena chimene chikumuvuta ayenera kuyezedwa ndi manja asanalandire mlingo wachiwiri wa mankhwala alionse. Kugwira chikhodzodzo, kufunsa tsiku limene anachita chimbudzi chenicheni, kuyang'ana m'kamwa ngati muli zilonda, kuona khungu la kumsana ndi zidendene, ndi kuwerenga kapumidwe, zonsezi sizitha mphindi khumi. Midazolam, mankhwala ogonetsa, akanawagonetsa usiku umenewo, ndipo aliyense akanapuma, koma chikhodzodzo chikanakhalabe chodzaza pansi pa tulolo, mkodzo ukubwerera ku impso.

Morphine atachuluka m'thupi

Kutacha kunaoneka vuto lina. Bambo A ankavuta kuwadzutsa, timaso tawo takuda tinali titachepa kwambiri, manja ndi mapewa zinkadzidzimuka zokha, ndipo akatsegula maso ankatola zinthu zosaoneka pachofunda. Chiwindi chimasandutsa morphine kukhala zinthu ziwiri, M3G ndi M6G, zimene zimachotsedwa ndi impso. Impso zikafooka zinthuzi zimaunjikana, ndipo zimabweretsa tulo tofa nato, kusokonezeka mutu ndi kudzidzimuka kwa minofu kumene tinkaonako. Kuyeza magazi kunatsimikiza kuti creatinine, amene amakwera impso zikafooka, wakwera kwambiri poyerekeza ndi tsiku lofika. Calcium anali bwino. Kukwera kwake sikuchitika kawirikawiri pa khansa ya prostate, koma kunali koyenera kukuyeza chifukwa nakonso kumasokoneza mutu ndi kudzimbitsa.

Ankapuma ka 12 pa mphindi imodzi ndipo milomo inali ndi maonekedwe ake a nthawi zonse, choncho naloxone sanaperekedwe. Mankhwalawa timawasungira wodwala amene kupuma kwake kwatsika pansi pa ka 8 pa mphindi ndipo sakudzuka, chifukwa amachotsa mphamvu ya morphine mwadzidzidzi ndipo ululu wonse umabwerera nthawi imodzi. Dokotala analamula kuti mlingo wotsatira udumphidwe, kenaka morphine atsike kufika pa 7.5 mg maola 6 alionse, limene ndi theka la zimene ankamwa. Ibuprofen anaimitsidwa chifukwa amawononga impso zofooka. Fentanyl womata pakhungu, amene savutitsa impso ngati morphine, anaganiziridwa koma anasiyidwa, popeza amatenga maola oposa 12 kuti ayambe kugwira ndipo savomera kusinthasintha mlingo mwamsanga.

Patatha masiku awiri mutu unabwerera, kudzidzimuka kunatha, ndipo ululu sunakwere ngakhale mankhwala anatsika ndi theka. Masiku anayi otsatira anali omaliza amene Bambo A ankatha kucheza. M'masiku amenewa anamaliza kuwaonetsa akazi awo mapepala aja, analankhula ndi mtsogoleri wa chipembedzo chawo, ndipo anapempha kuti mwana wawo wamwamuna abwere.

Nkhani ya chakudya ndi dripi

Mwana wamwamunayo atafika anapeza bambo ake ali pa 20 pa muyeso wa mphamvu uja, akungomeza timadzi pang'ono, ndipo anakwiya. Anafunsa kuti, "Anamwino, bwanji mukungowayang'ana osawaika dripi? Mukufuna afe ndi njala?" Funso limeneli siliyenera kuyankhidwa mothamanga uli chiimire m'khonde. Ndinamuitanira m'chipinda pamodzi ndi mayi ake ndi mlongo wake, ndipo ndinamupempha kuti anene zimene ankadziwa za matendawo. Zinapezeka kuti pa foni ankangouzidwa kuti bambo akupezako bwino.

Ndinafotokoza kuti thupi limene khansa yalifikitsa pamenepa limasiya lokha kufuna chakudya, ndipo kusadyako ndi zotsatira za matenda, osati chimene chikuwafooketsa. Chakudya chokakamizidwa kwa munthu amene sakumeza bwino chimalowa m'mapapo. Madzi a m'dripi, impso zikakhala zofooka, amatha kudzaza m'mapapo ndi kutupitsa miyendo, ndipo kuuma kwa m'kamwa kumene banja limakuona kumachepa ndi kusamalira m'kamwamo kuposa ndi dripi. Sindinanene kuti madzi ndi oletsedwa. Ku United Kingdom, ndondomeko yosamalira odwala amene akumwalira yotchedwa Liverpool Care Pathway inathetsedwa pambuyo pa kafukufuku wa mu 2013 wotsogoleredwa ndi Julia Neuberger, ndipo ena mwa madandaulo aakulu anali akuti odwala ankamanidwa madzi ndiponso kuti mabanja sankauzidwa zimene zikuchitika. Chifukwa cha ichi, nkhani ya madzi imaunikidwa tsiku lililonse kwa wodwala aliyense payekha. Tinagwirizana kuti Bambo A azipatsidwa madzi nthawi iliyonse akawafuna ndipo ali maso mokwanira kumeza, ndipo ngati angaonetse ludzu limene kusamalira m'kamwa sikukulithetsa, dokotala ayesa madzi ochepa a pansi pa khungu kwa tsiku limodzi n'kuona zotsatira. Ludzu lotero silinaoneke.

Kenaka ndinamuphunzitsa mwanayo kusamalira m'kamwa: kunyowetsa kansalu kofewa m'madzi oyera, kukafinya kuti kasadonthe, kupukuta lilime, nkhama ndi m'kati mwa masaya, n'kupaka mafuta pamilomo. Ntchitoyi anaigwira yekha maola awiri alionse mpaka kumapeto, ndipo nkhani ya dripi sanaibwerezenso.

Masiku atatu omaliza

Kumeza kutatheratu, mankhwala anasinthidwa kuti azilowa pansi pa khungu kudzera m'kasingano kakang'ono komatidwa pachifuwa. Morphine wa jakisoni ali ndi mphamvu pafupifupi kawiri kuposa wakumwa, choncho 30 mg yakumwa inasanduka 15 mg pa maola 24 kudzera mu syringe driver (kamakina kolowetsa mankhwala pang'onopang'ono), ndi 2.5 mg ngati mlingo wapadera. Dokotala analemberatu midazolam wa 2.5 mg wa kusakhazikika, haloperidol wa nseru kapena kubwebweta, ndi hyoscine butylbromide wa 20 mg wa malovu a pakhosi, kuti namwino asadzasowe pogwira pakati pa usiku. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi anaimitsidwa, ndipo kuyeza magazi ndi kuthamanga kwake kunalekedwa chifukwa zotsatira zake sizikanasintha chilichonse. Tinkayang'anabe nkhope, kapumidwe, khungu ndi thumba la mkodzo, ndipo tinkawatembenuza mofatsa, anthu awiri, titapereka mlingo wapadera mphindi 20 tisanayambe.

Banja tinaliuziratu zimene lidzaone: kuti manja ndi mapazi zidzazizira ndi kusintha mtundu, mkodzo udzachepa, tulo tidzachuluka, ndipo kupuma kudzayamba kukwera, kutsika, n'kuima kwa kanthawi kusanayambirenso. Kapumidwe kameneka kamatchedwa Cheyne-Stokes, potengera madokotala John Cheyne ndi William Stokes amene anakafotokoza mu 1818 ndi mu 1854, ndipo si chizindikiro chakuti wodwala akubanika. Tinawalimbikitsanso kuti azilankhula nawo ngati akumva, ndi kupewa kukambirana pambali pa bedi zimene sangafune kuti iwo amve.

Tsiku lomaliza lisanafike, pakhosi panayamba kumveka phokoso la malovu amene sankatha kuwameza. Phokosoli limasautsa omvera kuposa wodwalayo, amene nthawi zambiri amakhala atakomoka kale. Tinawagoneka cham'mbali mutu utakwezedwa pang'ono, kupukuta zimene zinkatsikira m'tsaya, ndi kupereka hyoscine, amene amachepetsa malovu atsopano koma saumitsa amene alipo kale. Makina oyamwa makhololo sitinawalowetse kukhosi, chifukwa amatsokomoletsa ndi kuchulukitsa malovu. Midazolam anafunika kamodzi kokha, ndipo tisanamupereke tinayang'ana kaye ngati paipi ya mkodzo sinatsekeke kapena kupindika. Bambo A anamwalira mbandakucha, akazi awo ndi ana onse awiri ali pambali, nkhope yawo isakuonetsa ululu.

Pambuyo pa imfa

Imfa inatsimikizidwa poona kuti mtima ndi kupuma zaima kwa mphindi zisanu ndiponso kuti maso sakusintha akawalitsidwa, ndipo nthawi yake inalembedwa. Banja linapatsidwa mpata wokhala ndi thupi popanda kufulumizitsidwa. Kenaka tinachotsa kasingano ndi paipi ya mkodzo, kutseka maso, kuwongola manja ndi miyendo, ndi kusambitsa thupi; mwana wamwamuna anapempha kuthandiza ndipo analoledwa. Morphine ndi midazolam zotsala zinawerengedwa ndi anamwino awiri, kulembedwa m'kaundula wa mankhwala otetezedwa, ndi kubwezedwa kosungira mankhwala.

Pa msonkhano wa ogwira ntchito wounika nkhaniyi, pepala la zolowa ndi zotuluka linasinthidwa kuti lizisiyanitsa thewera lonyowa pang'ono ndi mkodzo woyezedwa, ndiponso chimbudzi chamadzi chochepa ndi chimbudzi chenicheni, ndipo kunagwirizanidwa kuti mankhwala ofewetsa chimbudzi asamaimitsidwe kwa wodwala amene ali pa morphine namwino asanamuyeze. Patatha masabata 6 tinaimbira foni akazi a malemuwo monga mwa ndondomeko yathu yotsatira ofedwa. Anati akudya ndipo ana akuwayendera, koma tulo sakutipeza ndipo amadzuka pa maola amene ankapereka mankhwala. Anavomera kukumana ndi mlangizi wa ofedwa, ndipo tsiku loonana naye linaikidwa.